Madala, pepala lanu lili kuti?

Malume anga amawotcherera zitsulo ku Biwi. Inu a ku Lilongwe mukudziwa kale mmene kumakhalira kumene kuja, ma grinder kulira kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, magalimoto akufa ali mbwee, anyamata maovololo ali bii ndi oyilo. Shedi yawo ndi kamalata chabe kokhomera pa mapolo, koma mukamayenda ku Area 25 kapena ku 49 n'kumaona mageti okongola aja, ena mwa iwo anatuluka pa kashedi kameneko. Ine pamenepo ntchito yanga ndi yochepa, Loweruka ndimapita ndi laputopu kukawalembera makoteshoni, chifukwa iwo sukulu analekezera Sitandade 6 ndipo akalemba okha pa pepala long'amba m'kope anthu a m'maofesi amangowaderera.

Zimene ndikufuna kukambazi zinachitika chaka chatha koma sizikundichoka m'mutu, nde ndati bola ndingozilemba.

## Koteshoni inabwerera

Kunamveka ntchito. Kampani ina inapata kontirakiti yomanga mabuloko a sukulu ndipo inkafuna mmisiri woti apange mafelemu a zitseko ndi mawindo, ma burglar bar, kuphatikizapo matirasi achitsulo a denga. Kwa malume imeneyi inali ntchito yoti ikanatheka akanagula makina ena owotcherera n'kusiya kudalira amodzi omwewo oti akatentha shedi yonse imangokhala n'kumasewera bawo. Tinakhala pansi n'kuwerengetsera, ndinasindikiza koteshoni yooneka bwino, tsiku lokapereka ndinawaperekeza. Anavala shati yawo yoyera ya ku tchalitchi.

Folomani anali munthu wabwinobwino, sindingamunamizire. Anaona zithunzi za ntchito zakale pa foni yanga, akukulitsa ndi zala kuti aone bwino mowotcherera, n'kumagwedeza mutu. Anati ntchito ndi yooneka, mtengonso si woipa. Kenako anafunsa kuti, "Madala, nanga pepala lanu lili kuti?"

Malume anaganiza kuti akunena koteshoni, anamukankhiranso pa tebulo. Iye anati ayi, akunena satifiketi, kaya ya Trade Test, mayeso a boma oyesa amisiri, kaya ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaumisiri, chifukwa amene apereka ndalama za polojekitiyo akufuna fayilo ya mmisiri aliyense amene akhudze denga la ana asukulu.

"Bwana, ine ndinayamba kuwotcherera inu musanayambe Sitandade 1," anatero malume.

Folomani anaseka, osati monyoza ayi, n'kunena kuti, "Ndikudziwa madala, zikuchita kuoneka. Koma mu fayilo ndilembamo chiyani?"

Tinabwerera. Mu minibasi malume sanayankhule, ine ndinkangotukwana chamumtima, ngakhale pansi pamtima ndinkadziwa kuti folomaniyo ali ndi mfundo, denga litagwera ana munthu woyamba kufunsidwa ndi iyeyo ndipo sangayankhe kuti ndinangoona zithunzi pa foni.

## Amene anawina ntchitoyo

Patapita masabata angapo, chakumadzulo tikulongedza zitsulo, panatulukira mnyamata wina atanyamula chipepala chokulunga m'khwapa. Ndinamuzindikira msanga. Zaka ziwiri zitatu kumbuyoku, ali ku koleji ya zaumisiri, anabwera pa shedi yathu kudzachita atachimenti. Ndikukumbukira mmene analili pofika, rodi yowotcherera imangomatirira pa chitsulo, akati akoke imathyoka, akawotcherera malume amangomenya kamodzi ndi hamala zitsulo zija n'kulekana. Sabata yoyamba anachita makani kuwotcherera opanda galasi, usiku wake sanagone, maso ngati wina wathiramo mchenga, mmawa anabwera atatupa anyamata onse akumuseka. Malume ndi amene anamugwira dzanja, kwenikweni kumugwira dzanja lake ndi lawo, kumuonetsa kuti rodi isatalikire isafupikire, ndipo uzimvetsera kulira kwake. Pochoka anali atadziwa ndithu.

Nde tsiku limeneli anaima kaye kunja kwa shedi, kenako ananjuta pafupi ndi malume.

"Madala, ndabwera ndi nkhani."

"Kamba."

"Ntchito ya ku sukulu ija andipatsa ine."

Malume anali akupala geti ndi grinder, sanazimitse. Anapitiriza mpaka anamaliza mzere wonse, ife tonse tili chete, ine mtima uli phaphapha kudikira kuti amuthamangitse. Mnyamata uja anapitiriza kufotokoza mawu akunjenjemera, kuti iye pepala ali nalo, kabizinesi analembetsa, koma makina ali nawo ndi kakang'ono kobwereka, anyamata alibe, ndipo matirasi chiyambire sanapangepo kupatula kamodzi ku koleji, nakonso anali gulu lalikulu pa tirasi imodzi moti iye anangogwirako tepi. Anati sanadziwe kuti nawonso anapereka koteshoni, anamva mochedwa. Kaya zinali zoona kaya amangodziteteza, zake zimenezo.

Malume anazimitsa grinder n'kufunsa kuti, "Pulani wabweretsa?"

Anayala chipepala chija pamwamba pa diramu, anapsinja m'makona ndi zidutswa za zitsulo. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene zaka zonsezi ndinali ndisanachione. Malume anga, munthu woti geti amangoliyang'ana kamodzi mawa lake n'kupanga lina lofanana nalo ndendende, anaima pa pulani paja osadziwa poyambira. Mizere, timanambala, tizizindikiro toonetsa kuti apa awotcherere mbali zonse apa mbali imodzi, kwa iwo zonsezo zinali zachilendo. Sananene kuti sindikumva, anangoti, "Tawerenga timve."

Mnyamata uja anasintha pompo, kunjenjemera konse kunatha. Anayamba kuloza ndi chala, apa akufuna angle iron yokula chonchi yokhuthala chonchi, apa denga litsetsereke motere, apa mabawuti angati. Kenako anatulutsa kope momwe anali atawerengetsera kale kadulidwe ka zitsulo, kuti pa chitsulo chimodzi cha mamita 6 atulutsepo zidutswa ziti ndi ziti kuti zotsala zichepe. Malume moyo wawo wonse amagula zitsulo mongoyerekeza ndi diso, n'kuwonjezerapo zina kuopa kuperewera, ndipo kuseri kwa shedi kuli mulu wa zotsalira woti ndi ndalama zogona. Nditayerekeza ndi koteshoni yathu ija ndinapeza kuti ife tinaika zitsulo zambiri kuposa zofunika, nchifukwa chakenso mtengo wake unali wotsikirapo. Si pepala lokha limene linatigonjetsa.

Koma atafika pa momwe tirasi ilumikizanire pamwamba, malume anaika chala n'kunena kuti, "Apa ukayamba kuwotcherera mbali iyi mpaka kumaliza, chitsulo chikoka, tirasi yako ipindika. Umayamba wagwiriza pang'onopang'ono monsemo kenako uzisinthanasinthana mbali." Mnyamata uja analemba m'kope mwake. Anati mawu ake a zimenezo anaphunzira m'kalasi ndipo mayeso anakhoza, koma anali asanaonepo chitsulo chikupindika m'manja mwake.

Anakhala pa diramu paja mpaka mdima, akuwunikira ndi tochi ya foni. Anagwirizana kuti ntchito ipangidwire pa shedi ya malume, dzina ndi siginecha zikhale za mnyamatayo.

Popita kunyumba ndinalephera kupirira. Ndinati malume, mukuona kuti mwasanduka aganyu a mwana amene munamuphunzitsa nokha? Iwo anati, "Mphwanga, ukukwiyiranji? Mwanayo ndi wanga. Akanapita kwa wina ndiye ndikanadandaula."

Ine kukwiya sikunathe, ndipo ndalama zimene anapeza pa ntchitoyo zinali zochepa kuyerekeza ndi zomwe akanapeza ikanakhala yawo, makina aja sanagulidwe mpaka lero. Kungoti kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa funso lina, kuti zikutheka bwanji kuti anthu awiri a ntchito imodzi, mumzinda umodzi, wina akhale ndi manja wina ndi pepala, n'kumakumana mwangozi chabe pa diramu.

## Amisiri athu amachokera kuti?

Tiyeni tinene zoona. Makoleji akuluakulu a zaumisiri m'dziko muno ndi owerengeka pa zala: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula ma community technical college, yoyamba kutsegulidwa inali ya ku Ngara ku Karonga, cholinga n'choti boma lililonse likhale ndi yake. Palinso ena a mipingo ndi mabungwe monga Don Bosco ku Area 23 ndi DAPP Mikolongwe ku Chiradzulu. Zonsezi ndi zabwino, sindikunyoza. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18. Ana amenewo pano akukula, chaka chilichonse chikhamu chikulemba MSCE, china chikusiyira panjira. Makoleji amenewa angamwe angati?

Otsalawo, amene safuna kukwera kabaza kapena kuthawira ku Joni, amaphunzira kwa anthu ngati malume. Pitani ku Mchesi mukaone akalipentala, pitani ku Ndirande mukaone okhoma zidebe ndi mbaula, magalaja a ku Biwi, matelala a pakhonde m'matauni monse. Paliponse pamenepo pali kamnyamata kapena kamtsikana kamene kabwera ndi amayi ake, "Muzindiphunzitsirako mwanayu, kunyumba akungokhala." Palibe fomu, palibe silabasi, mwana amayamba ndi kusesa ndi kutumidwa kukagula marodi, kenako kupala, kenako kudula, tsiku lina mwadzidzidzi amangouzidwa kuti gwira apa. Imeneyo ndiye koleji yaikulu kuposa onse m'Malawi muno, kungoti ilibe chikwangwani.

Ndipo ili ndi mavuto ake, ndisabise. Mwana amatengera zonse za mphunzitsi wake, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati bwana amawotcherera atavala masilipasi nayenso ndi masilipasi. Ngati bwana sadziwa pulani nayenso sadzadziwa. Ena amawasunga ana aja zaka ndi zaka akungowapatsa ya chimanga chokazinga masana, osawaonetsa ntchito yeniyeni kuopa kuti angadzalande makasitomala. Malume si otero koma anzawo ena ndimawaona.

Ku koleji nakonso vuto ndi lotembenuza. Mnyamata uja anandifotokozera kuti kwawo makina analipo koma ochepa pa gulu lonse, zitsulo ndi marodi zoyeserera zimatha teremu isanathe, magetsi akazima pulakitiko yathera pomwepo. Iye anali ku koleji nthawi imene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawatts, inu nonse mukukumbukira mdima wa chaka chimenecho. Wophunzira mbiri yakale atha kuwerenga pa kandulo. Wophunzira kuwotcherera opanda magetsi amangokopera manotsi.

## Levy ija

TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo lamulo limati olemba anthu ntchito azipereka TEVET levy, 1% ya malipiro a antchito awo, imene masiku ano amatolera a MRA. Ganizo lake ndi lomveka, makampani ndi amene amafuna amisiri, nde azisonkha zophunzitsira amisiriwo. Ndikudziwanso kuti pali mapulogalamu ena othandiza amisiri a m'misika ndi m'makwalala.

Ine pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulinena ngati munthu amene amalemba mabuku a kashedi kamodzi. Mwana wa atachimenti amadya ndalama. Mwezi woyamba amaotcha marodi osatulutsa kanthu, amadula zitsulo molakwika, amathyola ma disc a grinder, mayunitsi a magetsi akupita. Mwini shedi amalipira zonsezo m'thumba mwake, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, paketi ya marodi si chinthu chopatsa mwana kuti aziseweretsa. Zotsatira zake eni mashedi ambiri amamulandira mwanayo koma osamugwiritsa makina, miyezi yonse amangopenta mageti ndi kutumidwa, pomaliza bwana amasayina kabuku kuti waphunzira. Kodi pangavute chiyani kuti mwana aliyense wopita ku atachimenti azipita ndi marodi ake, galasi lake ndi magolovesi, zolipiridwa kuchokera ku levy? Ndipo mmisiri amene akulandira anawo aziitanidwako olo sabata imodzi pa chaka, aphunzitsidwe kuwerenga pulani ndi kuwerengetsera zitsulo, m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha mu hotela. Malume atadziwa zimene mnyamata uja anachita m'kope zija, ana onse odutsa m'manja mwawo akanazidziwanso.

Timakonda kutchula Malawi 2063, masomphenya a chitukuko cha dziko lino, ndi nkhani yake ya mafakitale ndi mizinda. Chabwino. Koma fakitale isanayambe kupanga kanthu pamafunika wina awotcherere, wina akoke mawaya, wina ayale mapaipi, ndipo makina akafa wina awatsegule.

## "Ukalephera udzathera kwa malume ako"

Mawu amenewa ndi a mayi anga, ankamuuza mng'ono wanga akamazemba kusukulu. Chosekesa n'chakuti fizi yanga ya ku sekondale mpaka ku koleji analipira ndi malume omwewo, ndi ndalama za mageti, ndipo mayi amadziwa bwino. Koma m'mutu mwawo, monga m'mitu ya makolo ambiri, mwana wophunzira ndi wovala tayi, zaumisiri ndi kothawira amene mapoyinti a MSCE sanamuyendere. Ngakhale ana amene amapita ku makoleji a zaumisiri, ambiri amayamba adikira kaye mayina a ku yunivesite, akaona kuti sanatuluke mpamene amakatenga fomu, nde amafika kale ali ogwa mphwayi.

Ine ndili ndi pepala la ku koleji, ndimagwira mu ofesi, ndipo ikafika pa 20 mwezi usanathe nthawi zina amene amandibwereka ya minibasi ndi malume. Anzanga amene ndinamaliza nawo ena mpaka pano akuyendabe ndi ma envelopu a khaki. Sindikunena kuti aliyense akhale wowotcherera, ntchito yake ndi yowawa, maso a malume pano saona bwino usiku ndipo penshoni alibe. Ndikungoti tisamanamize ana kuti njira ndi imodzi.

Za atsikana ndiye musanene. Panabwera mtsikana wina pa shedi kudzapempha kuphunzira, malume anavomera, koma bambo ake anabwera kudzamutenga sabata yomweyo ati ntchito ya amuna imeneyo, adzasowa womukwatira. Anali ndi dzanja lokhazikika kuposa anyamata onse amene analipo nthawi imeneyo.

## Andiyese ndani?

Nditafufuza ndinapeza kuti njira yoti munthu ngati malume apeze pepala ilipo. Trade Test ndi yakale, imayambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1. Ndiye pali imene a TEVETA amaitcha Recognition of Prior Learning, mwachidule RPL, yomwe cholinga chake ndi anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi: subwereranso pa desiki, amakuyesa pa zimene ukudziwa kale, ukakhoza amakupatsa satifiketi. Ndinathamangira ku shedi ndi nkhani imeneyi ndili wosangalala kwambiri.

Malume anandimvetsera mpaka kumaliza kenako anati, "Andiyese ndani? Ana omwe ndinawagwira dzanjawa?"

Ndinayesa kuwanyengerera, ndinawakumbutsa za folomani uja, ndinati ntchito zikuluzikulu zonse zikupita komweko, kutsogoloku olo geti la sukulu ya mkaka adzafuna fayilo. Anangoti tiona. Patapita nthawi ndi pamene akazi awo anandiuza kukhitchini kuti vuto si kunyada kokha ayi. Akuopa kuti akafika kumeneko awapatsa cholembera, awafunsa m'Chingerezi dzina la chinthu chimene akhala akuchipanga zaka zonsezi, n'kulephera pamaso pa ana. Munthu amene ku Biwi konse amamutcha madala, akabwere atalephera mayeso a kuwotcherera? Bola osapita.

Apa ndilibe yankho lophweka. Ndikuona kuti amene akukonza mapulogalamu oterewa akuyenera kudziwa kuti anthu amene akuwafunawo sukulu inawachititsapo manyazi kale, ndipo chilichonse chonunkhira mayeso amachithawa. Woyesa atabwera pa shedi pomwepo, n'kuima pambali malume akupanga tirasi, n'kumawafunsa m'chiyankhulo chawo kuti apa mwatani ndipo chifukwa chiyani, ndikutsimikiza kuti akanayankha mpaka woyesayo kutopa.

Amene wagwira nkhaniyi ndi mnyamata wamkulu wa pa shedi, amene wakhala ndi malume kuyambira ali kamwana. Iyeyo anafika Fomu 2, Chingerezi amamvako, ndipo chiyambire ntchito ya matirasi ija wakhala akumuvutitsa mnzake wa ku koleji uja kuti amuphunzitse pulani. Akuti chaka chino akayesedwa basi. Malume anena kuti thiransipoti ndi ndalama yolembetsera alipira iwo.

Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene chidzachitike akadzapeza pepalalo, kuti sadzakhalanso pa shedi pano, adzatsegula yake mwina kutsidya kwa msewu komweku n'kuyamba kulimbirana nawo makasitomala omwewa.

"Azipita," anatero malume. "Onse amapita. Iwe ukuganiza kuti mashedi onse ukuwaona mumsewu munowa anachokera kuti?"